Chingwe cha Mbuzi ndi Tianthu ta m'Kompyuta

Mvula ikagwa, chimanga n'kumera, mbuzi za kuno ku Ntcheu zimalowa m'nyengo ya chingwe. Kuyambira kumtunda ku Lizulu mpaka kutsikira ku chigwa cha Bwanje, munthu wolawirira amaona mbuzi iliyonse ikuzungulira chikhomo chake, msipu wa pamalopo utatheratu. Palibe amene amamutcha wankhanza mwini mbuziyo, pakuti tonse tidziwa kuti mbuzi yoyenda yokha m'mwezi wa Januwale ndi mlandu wa kwa mfumu. Komabe tidziwanso kuti mlimi wanzeru amasuntha chikhomo tsiku ndi tsiku, ndipo anthu akakolola amamasula chingwe kuti chiweto chikadzifunire chokha mapesi ndi makoko. Mbuzi yokhalitsa pa chikhomo chimodzi imaonda.

Chingwe chimenechi tinachikumbukira pa tchuthi cha Khrisimasi, pamene tinakacheza kwa mlongo wathu kumudzi, kufupi ndi msika wa Kampepuza. Mwana wake wamkazi, amene akuphunzira ku koleji mu mzinda, anali atabwera ndi kompyuta yake ya m'manja. Tinampeza pakhonde, maso ali dwii pa galasi la kompyutayo, akung'ung'udza monga mayi amene ana ake sakumumvera. M'galasimo munali kanyumba kopanda denga, ndipo m'kanyumbamo munali tianthu tinayi: bambo, mayi ndi ana awiri.

"Amalume," anatero mtsikanayo, "bambo awa ndawauza kuti akagone chifukwa mawa kuli ntchito, koma taonani, adzuka okha kukaonera kanema. Dikirani, ndiwamanga."

Anawamangadi, ndipo za kumanga kumeneku ndi zimene tifuna kuti tilingalire pamodzi mwezi uno.

Masewera ake ndi otani?

Dzina la masewerawa ndi The Sims. Anawayambitsa ndi Will Wright wa ku America pamodzi ndi anzake a kampani ya Maxis, ndipo kampani ya Electronic Arts inawatulutsa mu 2000. Nyumba ya Wright inapsa pa moto waukulu wa mu mzinda wa Oakland mu 1991, ndipo pamene anali kugulanso katundu wa m'nyumba mmodzimmodzi anayamba kulingalira za m'mene mpando, mbale ndi chofunda zimakhudzira moyo wa munthu. Poyamba ntchito yakeyo ankangoitcha nyumba ya zidole. Mitundu ina ya masewerawa inatsatira mu 2004, mu 2009 ndi mu 2014. Mtundu wa mu 2014, wotchedwa The Sims 4, unayamba kuperekedwa kwaulere mu Okutobala 2022, ndipo mu 2023 eni ake analengeza kuti anthu opitirira 70 miliyoni anali atausewerapo. Tisadabwe tsono kuti wafika ndi pa makonde a kwathu kuno.

M'masewerawa mulibe chigoli ndipo mulibe wopambana. Wosewera amaumba tianthu, n'kutimangira nyumba, n'kutipezera ntchito, kenaka n'kumaonerera tikukwatirana, kubereka, kukalamba ndi kufa. Kamunthu kalikonse kali ndi zosowa zisanu ndi chimodzi zimene zimatsika ngati madzi a mumtsuko wothonya: chakudya, tulo, kudzithandiza, ukhondo, kucheza ndi kusangalala. Wosewera angathe kukalamula kuti kadye kapena kagone. Akakasiya, kamasankha kokha chochita. Pa malo posinthira kachitidwe ka masewera a mu 2000 aja, anthu a ku Maxis analembapo mau a Chingerezi akuti Free Will, ndiko kuti ufulu wa kufuna, mau amene ife tinawamva koyamba m'kalasi ya katekisimu. Mu The Sims 4 analemba kuti Autonomy, kutanthauza kudziyendetsa wekha.

Kodi kamunthuka kamasankha bwanji? Aliyense amene anaimapo ndi basi pa Lizulu amvetsa msanga. Basi isanaime n'komwe, amalonda afika kale pa mazenera, uyu akukweza kabichi, uyo mbatatesi, winayo tomato, aliyense akuchemerera malonda ake. M'nyumba ya The Sims katundu aliyense amachita chimodzimodzi, ngakhale kuti wosewera samva mau ake. Firiji imalengeza kuti ithetsa njala, bedi limalonjeza tulo, kanema amalonjeza chisangalalo. Kompyuta imapima lonjezo lililonse poyerekeza ndi kukula kwa chosowa cha kamunthuko ndi kutalika kwa mtunda, n'kupereka malikisi. Ikatero siingotenga chopambana nthawi zonse, koma imachita maere pakati pa zinthu zingapo zimene zapeza malikisi ambiri, kuti tianthuto tisamachite zofanana tsiku lililonse. Ufulu wonse wa tianthuti ndi umenewu: masamu a zosowa, kuthirako maere pang'ono.

Zigamba za osewera

Masamu oterewa amalakwa kawirikawiri. Osewera a m'maiko ambiri akhala akudandaula za zinthu zofanana. Kamunthu kamanyamula mbale ku khitchini n'kukatsukira m'beseni la ku bafa. Kamatunga madzi akumwa kosalekeza n'kumasiya matambula paliponse. Kamasiya alendo pabalaza n'kukakhala pa kompyuta. Kali pabanja, koma kamayamba kokha kunyengerera mlendo wongodutsa. Njira imene eni masewera anapereka mu The Sims 4 ndi yosasema bwino: kutsegula ufulu wonse, kuutseka wonse, kapena kuutsekera kamunthu kamene wosewera wakasankha pa nthawiyo. Kuli ngati kuuza mlimi kuti mbuzi yake aisiye m'munda mwa eni kapena aitsekere m'khola chaka chathunthu.

Apa ndi pamene panabadwira zimene osewera amazitcha ma mod. Awa ndi timapulogalamu timene osewera ena odziwa za makompyuta amalemba okha, kawirikawiri popanda malipiro, n'kutigawa pa intaneti. Munthu amakaika kapulogalamuko m'thumba lina la masewerawo, ndipo malamulo a m'kati amasintha. Ife tiwatcha zigamba, pakuti amasokedwa pa chovala cha mwini ndi munthu amene sanachisoke poyamba. Monga chigamba chilichonse, zimasosoka eni masewera akakonzanso pulogalamu yawo, ndipo wosewera amayenera kudikira kuti wosoka uja asokenso.

Chigamba chotchuka kwambiri cha The Sims 4 ndi MC Command Center. Mwa zina, chimalola wosewera kuona zinthu zimene kamunthu kangachite mwa kokha pa nthawiyo, n'kuletsa chimodzichimodzi. Palinso zigamba zing'onozing'ono zambirimbiri, china choletsa kutsukira mbale ku bafa, china choletsa kukhalira kompyuta, china choletsa kukopana. Zigamba zina zimachita zosemphana ndi izi, zimatalikitsa chingwe. MC Command Center yomweyo imatha kulola mabanja oyandikana nawo, amene wosewera sakuwayendetsa, kuti azikwatirana ndi kubereka mwa okha. Pa The Sims 3 panali chigamba cha NRaas StoryProgression chogwira ntchito yonga yomweyo. Eni masewera nawonso anaona kufunika kwake, ndipo mu 2021 anayamba kuonjeza mu The Sims 4 gawo lotchedwa Neighborhood Stories, lopatsa anansi moyo wawowawo.

Tiyenera kunena poyera kuti zambiri mwa zigamba izi ndi ntchito yotamandika. Munthu amene waona khasu lake likugweduka n'kulikhoma bwino sanalakwe. Kamunthu kotsukira mbale ku bafa sikakuonetsa ufulu uliwonse, kakungoonetsa kuti wolemba masamu anaphonya penapake. Amene akukonza zimenezi akuchita zimene achita anyamata athu opanga magalimoto a mawaya, amene sakhutira ndi chidole cha m'sitolo mpaka atachiphwasula ndi kuona m'kati. Tikadakondwa kuona ana a ku Ntcheu ambiri akuphunzira chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Python, chimene zigamba zikuluzikulu za The Sims 4 zimalembedwera, m'malo mongodina zimene ena analemba.

Chingwe chikafupika

Koma chingwe chili ndi khalidwe lake: ukachifupikitsa kamodzi, dzanja limazolowera. Mwana wa mlongo wathu uja anayamba ndi za mbale ndi matambula. Kenaka analetsa bambo a m'kanyumba kaja kuonera kanema usiku. Tsiku lotsatira anawaletsa kukhala pa malo omwera zakumwa, nawaletsanso kulankhula mau achikondi kwa mkazi wina aliyense. Ife tinali chete, chifukwa tinali kudziwa zimene iye sanali kunena. Bambo ake enieni, alamu athu, anapita ku Johannesburg iye ali ku pulaimale, monga apitira amuna ambiri a m'midzi mwathu. Zaka zoyamba ndalama ndi mauthenga zinkabwera. Pambuyo pake zinayamba kubwera mwa apo ndi apo, mpaka zinaleka. Mtsikanayu anali kumanga m'galasi nyumba imene bambo sachokamo. Ndani mwa ife angamuseke?

Pomaliza anatseka ufulu wonse, kuti aone banja langwiro. Zimene zinachitika zinatiphunzitsa kanthu tonse awiri. Tianthu tija tinangoima ngati zitsa, kudikira lamulo. Mwana akamva njala ankangoima pafupi ndi firiji osaitsegula. Mtsikanayo anayenera kukumbukira mimba zinayi, tulo ta anthu anayi ndi chimbudzi cha anthu anayi, ndipo pasanathe ola limodzi anali atatopa ngati wolima tsiku lonse. Koma chimene chinamupweteka sichinali kutopako. Anadina kuti bambo aja akumbatire mwana wawo wamkazi. Anamukumbatiradi. Iye anayang'ana kanthawi, kenaka anati, "Amalume, sizikukoma. Akamukumbatira ndikudziwa kuti ndine ndadina."

M'mau amenewa muli chiweruzo chathu chonse cha masewerawa ndi zigamba zake. Kukoma kwa The Sims kwagona pa kachigawo kakang'ono kaja kamene wosewera sanakalamule. Anthu amene anapanga masewerawa anafotokozapo kuti poyamba tianthuti tinali todziwa kudzisamala kuposa m'mene wosewera akadatisamalira, kotero kuti wosewerayo analibe chochita, ndipo iwo anachita kutichepetsa nzeru mwadala. Motero masewerawa amayenda pakati pa maenje awiri. Tianthu tikakhala tanzeru kwambiri, wosewera ndi mlendo wongoonerera. Tikakhala topanda chifuniro chilichonse, wosewera ali yekhayekha m'nyumba ya magalasi, kulikonse kumene wayang'ana akungodziona yekha. Chigamba chabwino ndi chimene chimachotsa uchitsiru n'kusiya mpata wa kudabwa. Chigamba chimene chimachotsa kudabwa komwe chimapha masewera amene chinabwera kudzawakonza.

Za masanje

Tisaganize kuti kusewera za banja kunabwera ndi kompyuta. Ambiri a ife tinakulira m'masanje. Anthu akakolola, nyengo yomwe ija mbuzi zimamasulidwa, ana ankamanga tinyumba ta mapesi kunja kwa mudzi, n'kukunkha chimanga ndi nyemba zotsalira m'minda, n'kugawana maudindo: uyu bambo, uyu mayi, uyo mfumu, wina fisi. Anyamata a kubusa nawo ankaumba ng'ombe za dongo n'kumazigundanitsa. Kunena zoona, The Sims ndi masanje a m'galasi.

Komatu pali kusiyana kumene tiyenera kukuona. Ng'ombe ya dongo inkachita zonse zimene mwini wake wafuna, ndipo n'chifukwa chake dzuwa likapendeka inkatayidwa pa dambo. M'masanje munali anthu. Amene wasankhidwa kukhala mwana ankatha kukana kutunga madzi. Amene wapatsidwa ubambo ankatha kunyanyala n'kupita kwawo, masewera n'kuthera pomwepo. Mtsikana wofuna kulamula anzake onse ankatsala yekha ndi miphika yake. Motero mwana wa m'masanje ankaphunzira kupempha, kunyengerera, kugonjerako pang'ono ndi kupepesa, popeza panalibe podina kuti mnzake asinthe. Mwana wa pa kompyuta ali ndi nyumba yokongola kuposa ya mapesi, koma phunziro ili angathe kuliphonya, makamaka ngati wazolowera kuti khalidwe lililonse lomunyansa lili ndi chigamba chake.

Munthu wa m'masewerawa

Pano tichenjere kuti tingakokomeze. Tianthu ta m'kompyuta si anthu. Tilibe mzimu, sitimva kuwawa, ndipo amene watseka ufulu wawo sanachimwire aliyense. Ngakhale mau aja akuti Free Will analembedwa pamalopo mongobwereka. Ufulu wa kamunthu kaja uli ngati wa tsamba loyandama pa mtsinje wa Rivirivi, limene limapita uku ndi uko koma silinasankhe kanthu. Mu 2025 kampani ya Krafton ya ku South Korea inatulutsa masewera ena a mtundu womwewu otchedwa inZOI, amene ali ndi gawo loyendetsa tianthu ndi nzeru zopangidwa za makono. Tianthu totere tingaoneke ngati tikuganiza mozama, koma ndi masamu omwe aja atangochuluka.

Ndipo apa ndi pamene tili ndi dandaulo lathu lalikulu pa The Sims, dandaulo limene chigamba chilichonse sichinalithetse. Chithunzi cha munthu chimene chili pa maziko a masewerawa ndi cha mitsuko yothonya imene iyenera kudzazidwa, ndipo kawirikawiri katundu wokwera mtengo ndiye amadzaza msanga. Bedi la ndalama zambiri limagonetsa bwino, firiji ya ndalama zambiri imapereka chakudya chabwino. Mtundu wa mu 2014 unaonjezako makhalidwe, zolinga za moyo ndi kusinthasintha kwa mtima, koma mzati wa nyumbayo ndi womwe uja. Nanga masamu oterewa angafotokoze bwanji mayi wa ku Ganya amene m'mwezi wa Febuluwale amagawira ana nsima yonse, iye n'kunena kuti wadya kale? Angafotokoze bwanji bambo amene wakana ndalama ya chinyengo chikhalirecho fizi ya mwana ikusowa? Ufulu weniweni umaoneka pamene munthu wamva amalonda onse a pa zenera, mimba ikulira, koma n'kusunga ndalama yake chifukwa analonjeza kukagulira wodwala mankhwala. Ana athu akamasewera, ndi bwino wina awakumbutse kuti iwo ndi oposa mitsuko isanu ndi umodzi.

Kwa inu makolo

Mungafunse kuti, ngati tianthuti si anthu, tavutikiranji kulemba zonsezi? Tayankha kuti chimene chimatikhudza ndi dzanja logwira chingwe, pakuti dzanja limenelo ndi la munthu weniweni, ndipo likachoka pa kompyuta limabwerera m'banja. Chilakolako chimene tinachiona pakhonde paja tonse tili nacho. Mwamuna amafuna mkazi amene sangamuyankhe. Mkazi amafuna kudziwa phazi lililonse la mwamuna wake. Kholo limasankhira mwana sukulu, ntchito, mbeta ndi maganizo omwe, n'kumati ndi chikondi. Nafenso otumikira m'maparishi timakopeka kufuna akhristu amene angovomera zonse. Kawirikawiri chilakolako chimenechi chimachokera ku bala, monga la mwana wa mlongo wathu: tinapwetekedwapo ndi ufulu wa munthu wina, ndiye tifuna kuti zisadzachitikenso.

Sitikunena kuti chingwe chitayidwe. Mmera m'poyamba, ndipo mwana wa zaka zisanu amene akuthamangira ku mseu wa M1 sitikambirana naye, timamugwira dzanja. Koma makolo athu omwewo anatinso, mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imfotere yekha. Ankadziwa kuti pali nzeru zina zimene munthu sazilandira kwa wina, amazitola yekha pamene chosankha chake chamufotera m'manja. Luso la kulera ndilo kudziwa nyengo: liti pamene chimanga chili chanthete ndipo chingwe chifunika, liti pamene kukolola kwatha ndipo chikhomo chizulidwe. Mnyamata amene sanaloledwe kusankha kanthu mpaka zaka makumi awiri, tsiku limene adzatsike basi yekha ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzatsata wamalonda woyamba amene wamuitana.

Abusa a Mpingo pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, umene unatha mu 1965, anaphunzitsa kuti ulemu wa munthu umafuna kuti achite zabwino mozindikira ndi mofuna yekha, osati mokankhidwa. Mwini chilengedwe akadatha kutipanga ngati ng'ombe za dongo, dziko likadakhala lopanda mlandu ndi umodzi womwe. Sanatero, ndipo mtengo wake tonse tiudziwa. M'fanizo la mwana wolowerera, bambo uja sanatseke chipata, anagawa chuma nalola mnyamata kupita, ndipo chimwemwe cha tsiku lobwerera chinakula chifukwa mapazi amene anabwerera anali a mnyamatayo mwini. Mtsikana wathu uja anafika pa khomo la chiphunzitso chomwechi pamene anaona kuti kukumbatira kochita kudina sikukoma.

Langizo lathu tsono ndi lapafupi. Mukaona mwana wanu akusewera masewerawa, musafulumire kumulanda kompyuta, ndiponso musamusiye yekha ngati kuti zonse za m'menemo ndi zoyera. Ku America masewerawa anawaika m'gulu la oyenera achinyamata a zaka 13 kupita m'tsogolo, ndipo pa intaneti pali zigamba zina zoonjeza zolaula ndi zachiwawa zimene eni masewera sanaikemo. Khalani naye pansi, akuonetseni kanyumba kake. Mufunseni kuti anthuwo ndani, wawaletsa chiyani, ndipo chifukwa ninji. Mwina mudzamva m'mayankho ake zimene wakhala akulephera kukuuzani pamaso.

Tsiku limene tinatsazika, tinapeza kuti mtsikana uja wabweza ufulu wa tianthu take. Chigamba cha mbale anachisiya, cha matambula anachisiyanso, ndipo ife tinavomereza kuti pamenepo anachita bwino. Zina zonse anamasula. Tikumanga chikwama, tinamumva akuitana amayi ake kuti adzaone: bambo a m'galasi aja, popanda wowatuma, anali atakhala pansi pafupi ndi mwana wawo amene anali kulemba ntchito ya kusukulu, akucheza naye. Anali masamu ndi maere chabe, iyenso anali kudziwa zimenezo. Komabe mayi ndi mwana anayang'ana galasilo nthawi yaitali osalankhula, kufikira mlongo wathu anakumbukira kuti dzuwa lakwera ndipo mbuzi sanazisunthe.